Kusankha khadi ya ngongole ya chiwongoladzanja chochepa

Ngati mumalandira malipiro mwezi ndi mwezi, kaya ku esiteti ya tiyi ku Thyolo kapena mu ofesi pa boma la Mulanje, musasaine fomu ya khadi ya ngongole musanafunse zinthu zitatu: chiwongoladzanja cha pachaka, ndalama yolipirira khadiyo pachaka, ndi chindapusa cha kuchedwa kubweza. Akulembereni papepala, muyerekeze mabanki awiri kapena atatu. Akakuuzani chiwongoladzanja cha pamwezi, chulukitsani ndi 12: 3 peresenti pamwezi ndi 36 pachaka.

Pomwe ambiri amapsa ndi pobweza kandalama kochepa kokha komwe kalembedwa pa sitetimenti. Ngongole ya K200,000 pa 3 peresenti imabereka K6,000 pamwezi. Mukabweza K10,000, ngongole yeniyeniyo yatsika ndi K4,000 basi. Choncho bwezani yonse tsiku lomaliza lisanakwane, ndipo pemphani kuti tsikulo lizifika mutangolandira kumene malipiro, ndalama zisanathere ku ufa ndi fizi ya ana.

Khadiyi musamatapire ndalama pa ATM. Nthawi zambiri chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, kuwonjezera pa yomwe banki imadula potapa. Kugula pa intaneti m'madola nakonso kumabwera ndi mtengo wosinthira ndalama.