Malangizo Opewela Kuvulala pa Maseŵela a Wing Foil

Malangizo awa akonzedwa ku Mzuzu kuti athandize alendo ocokela ku Zambia amene akupita kukaseŵela wing foil ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche. Wing foil ndi maseŵela a pamadzi amene munthu amaimilila pa thabwa atagwila m'manja phiko lokankhidwa ndi mphepo. Conde muwaŵelenge onse musanaloŵe m'madzi.

Cimene cimavulaza anthu kwambili si phiko logwila m'manja ayi, koma foil, cipangizo cokhala ndi mlongoti ndi mapiko cimene cili kunsi kwa thabwa ndipo cimalinyamula pamwamba pa madzi. Mlongoti wake, wopangidwa ndi aluminiyamu kapena kaboni, kaŵilikaŵili umatalika masentimita 60 mpaka 90, ndipo mapiko ake ndi opyapyala m'mbali moti amaceka mnofu ngati mpeni. Mukaona kuti mwayamba kupendama, musalimbane kuti muimilile, cifukwa thabwa likatembenuka foil imaloza kumwamba ndipo munthu amagwela pomwepo. Dziponyeni kutali ndi thabwa, phiko lili m'manja, ndipo povuuka muphimbe mutu ndi mkono, pakuti cingwe cimene mwamanga m'ciuno kapena kumwendo cimatha kukubwezelani thabwalo kumaso. Muli m'madzimo musapalase miyendo monga posambila. Mabala ambili a kuphazi ndi pamsongolo amabwela motelo.

Madzi a nyanja ya Malaŵi ndi ofunda, ndiye ambili amakopeka kuloŵa ndi kabudula yekha. Ife tikuletsa zimenezi kwathunthu. Valani cipewa colimba, jekete yoteteza nthiti, nsapato zamphila ndi covala cofika m'miyendo, ngakhale dzuŵa litaŵala cotani.

Wophunzila asamange mapazi ku thabwa ndi malamba, cifukwa phazi limodzi likakanilila pamene thupi likugwa, kakolo kapena bondo limabinya. Ayambenso ndi mlongoti waufupi, m'madzi akuya kuposa mlongotiwo, kutali ndi miyala, maukonde ndi mabwato a asodzi, amene nyanjayi ndi munda wawo.

Kupweteka kwa mapewa ndi zigongono kumayamba cifukwa ca phiko lokula kuposa mphepo ya tsikulo. M'miyezi yozizila, makamaka Juni ndi Julayi, mwela, mphepo yocokela kum'mwela cakum'maŵa, umaomba mwamphamvu ndi kuutsa mafunde aakulu, conco sankhani phiko laling'ono ndipo mubwelele kumtunda manja akangoyamba kulema. Mphepo ikamacokela kumtunda kuloza pakati pa nyanja musaloŵe, ndiponso musapite nokha kapena kuseŵela pafupi ndi pamene mitsinje imathila, popeza pamenepo pamapezeka ng'ona ndi mvuu.

Bala lakuya mulitsuke ndi madzi oyela, mulipsinje ndi nsalu yaukhondo kuti magazi aleke, kenaka mupite kucipatala ndi kufunsa za katemela wa kafumbata. Amene wagunda mutu n'kuyamba cizungulile, kusanza kapena kuiwala zimene zacitika asabwelelenso m'madzi, koma atengeledwe msanga ku cipatala ca boma ca Nkhata Bay kapena ku Mzuzu Central Hospital. Mukabwelela kwanu ku Zambia, pakapita miyezi iŵili kapena itatu mukayezetse likodzo, ndipo muwauze adokotala kuti munasamba m'nyanja ya Malaŵi.