Kalipiridwe ka mabilu pa intaneti ndi khadi la ngongole ku Johannesburg

Amalawi amene akhalitsa ku Johannesburg amakumbukira nthawi imene kutha kwa mwezi kunkatanthauza kuima pamzere ku Shoprite kapena ku Pick n Pay, bilu ili m'manja, kudikira kulipira kudzera ku EasyPay, njira yolipirira mabilu pa kauntala ya sitolo. Njira imeneyi ikadalipo ndipo ndi yodalirika, koma kwa munthu amene amanyamuka ku Rosettenville kapena ku Diepsloot mbandakucha kupita kuntchito ku Sandton n'kubwerako dzuwa litalowa, kulipira pa foni kumapulumutsa nthawi ndi ndalama ya minibasi. Mpata umenewu ndi umene unakulitsa makampani amene anayamba ali aang'ono, monga PayFast imene inakhazikitsidwa ku Cape Town mu 2007, SnapScan ya mu 2013, ndi Ozow ya mu 2014, ngakhale kuti Ozow inatchuka ndi kutenga ndalama mu akaunti mwachindunji osati pa khadi. Onsewa amaima pakati pa wolipira ndi wolandira, ndipo phindu lawo limachokera pa kagawo kochepa kamene amadula pa malipiro alionse odutsa m'manja mwawo.

Musanayambe, zindikirani mtundu wa khadi limene muli nalo, chifukwa ambiri timangoti "khadi la ku banki" pamene makhadiwo ndi a mitundu iwiri. Khadi la debit limatenga ndalama zanu zomwe zili mu akaunti, pamene la credit, lomwe ndi khadi la ngongole, limatenga ndalama za banki zimene mudzabweze. Onse awiri amalipira pa intaneti mofanana ngati ali ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard. Kuti mlendo apatsidwe khadi la ngongole, banki imafuna pasipoti, chilolezo chogwirira ntchito chimene sichinathe, umboni wa kumene akukhala monga mwa FICA, lamulo lokakamiza mabanki kutsimikiza za makasitomala awo, ndiponso umboni wa malipiro, popeza lamulo la National Credit Act la mu 2005 limakakamiza wobwereketsa kuona kaye ngati wobwerekayo angathe kubweza. Ngati banki yakukanani, musabwereke khadi la mnzanu kapena la abwana anu. La debit likukwanira pa zonse zimene zafotokozedwa pano.

Chachiwiri ndi kudziwa amene mukumulipira. Madzi, zinyalala ndi msonkho wa nyumba zimabwera pa bilu imodzi ya khonsolo ya mzindawu, City of Johannesburg, imene mwini akaunti angaione ndi kuilipira pa tsamba la e-Joburg. Magetsi ndiwo amasokoneza, chifukwa madera ena amalandira kwa City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo, pamene ena, monga mbali yaikulu ya Soweto, amalandira kwa Eskom. Komanso ambiri mwa ife timachita lendi chipinda cha kuseri kwa nyumba kapena fulati, momwe mwininyumba anaika mita ya kampani ina yapadera imene imagulitsa mayunitsi ake ndi kuwonjezerapo ndalama ya ntchito. Funsani mwininyumba dzina la kampaniyo ndipo mukopere nambala ya mita kuchokera pa mita penipeni, osati pa kapepala kamene anasiya amene ankakhalamo kale.

Kulipira kwenikweniko n'kwachidule. Tsegulani apu ya banki yanu kapena lembani nokha adiresi ya tsamba la kampaniyo, sankhani bilu, lembani nambala ya akaunti kapena ya mita ndi kuchuluka kwa ndalama. Ngati mukulipira pa tsamba limene si la banki, mudzafunsidwa manambala 16 a pa khadi, mwezi ndi chaka chimene khadi lidzathe ntchito, ndi manambala atatu a CVV amene kawirikawiri amakhala kuseri. Kenako banki idzatumiza pa foni OTP, nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, kapena idzakupemphani kuvomereza mu apu, mwa dongosolo lotchedwa 3D Secure.

Pamene ndikufuna kutsindika ndi pa nambala ya akaunti, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimasochera popanda wakuba aliyense. Makompyuta a khonsolo sadziwa dzina lanu kapena nkhope yanu. Amangoona nambala imene mwalemba pa malo a reference, ndipo mukaphonya nambala imodzi, ndalamazo zimakagwera mu akaunti ya munthu wina kapena zimangokhala zopanda mwini pamene bilu yanu ikuonekabe kuti sinalipidwe. Pa mayunitsi a magetsi vutoli ndi lalikulu koposa, popeza manambala 20 amene mumalandira amagwira ntchito pa mita imodzi yokha imene munailemba, ndipo kubwezeredwa ndalama pa mayunitsi olakwika n'kovuta kwambiri. Mapulogalamu ambiri amaonetsa dzina kapena adiresi ya mwini mita musanavomereze, iwerengeni modekha. Pogula koyamba pa mita yatsopano, yambani ndi R50 kuti muone ngati mayunitsi alowa. Sungani lisiti iliyonse, ndipo bilu ya khonsolo muziilipira kutatsala masiku angapo, chifukwa malipiro ena satulukira tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti mtengo wa yunitsi wa City Power umakwera mukapyola malire ena m'mwezi womwewo, choncho kugula magetsi a miyezi itatu nthawi imodzi chifukwa chakuti khadi lili ndi mpata n'kudziluzitsa.

Tsopano nkhani ya chiwongoladzanja, imene otsatsa makhadi amaitchula mothamanga. Mabanki ambiri kuno amalonjeza masiku ofika 55 opanda chiwongoladzanja, koma mawu akuti "ofika" ndi ofunika kuwamvetsa. Masikuwo ndi pafupifupi 30 a mwezi wa sitetimenti (chikalata cha mwezi ndi mwezi choonetsa ngongole yanu) kuphatikizapo pafupifupi 25 olipirira, kotero kuti bilu imene mwalipira sitetimenti itangotuluka imapeza masiku onse, pamene imene mwalipira tsiku lomaliza la mweziwo imapeza 25 okha. Mwayiwu umakhalapo pokhapokha mukabweza ngongole yonse ya pa sitetimenti pofika tsiku loikika. Mukalipira kandalama kochepa kamene banki imati ndi kokwanira, chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa, ndipo lamulo limalola kuti pa khadi chifike pa repo rate, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya South African Reserve Bank imaika, kuwonjezerapo 14 peresenti pachaka. Mwachitsanzo, pa 20 peresenti, ngongole ya R3,000 imabala pafupifupi R50 mwezi uliwonse, kuwonjezera pa ndalama ya mwezi ndi mwezi yosungira khadi. Kutapa ndalama pa ATM ndi kusamutsa ndalama kuchoka pa khadi kupita ku akaunti ina kulibe masiku aulere, ndipo mabanki ena amawerengera kugula mayunitsi kapena kulipira bilu mu apu m'gulu lomweli, choncho funsani banki yanu musanazolowere. Mukafunsidwa kuti "straight kapena budget", sankhani straight, chifukwa budget ndi kugawa ngongole pa miyezi ingapo ndi chiwongoladzanja, ndipo n'kupanda nzeru kumalipirabe mu Disembala magetsi amene munayatsa mu Juni.

Maganizo anga ndi akuti mabilu a kumudzi asamakhudze khadi la ngongole. Ngati amayi ku Mangochi kapena ku Mzimba akufuna mayunitsi a ESCOM, tumizani kuchokera pa malipiro anu kudzera ku Mukuru kapena kampani ina yovomerezeka, ndalamazo zifike pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, iwo agule okha. Kukongola kuno kuti muthandize kwathu kumasiya mabanja awiri akudalira ngongole imodzi.

Akathyali nawo anaphunzira njira zonsezi. Amatumiza uthenga pa SMS kapena WhatsApp wonena kuti magetsi adulidwa lero mukapanda kulipira pa linki imene aikapo, ena amaimba foni ngati ogwira ntchito ku banki, ndipo ena amagulitsa mayunitsi "otchipa" pa Facebook. Banki sipempha PIN, CVV kapena OTP pa foni, ndipo uthenga wa OTP umatchula ndalama ndi dzina la wolandira, choncho ukabwera inu musanagule kanthu, wina ali ndi manambala a khadi lanu. Foni ikasiya mwadzidzidzi kugwira netiweki, fulumirani kufunsa kampani ya foni ngati wina sanasinthitse SIM yanu. Zikatere tsekani khadi mu apu nthawi yomweyo, imbani nambala ya banki yolembedwa kuseri kwa khadi, ndipo mupemphe fomu yotsutsira malipirowo, imene pa makhadi a Visa ndi Mastercard ingathe kubwezetsa ndalama mukachita msanga. Lembani nambala ya dandaulo imene akupatseni. Banki ikalephera kukuthandizani, nkhaniyo mungaipititse ku National Financial Ombud Scheme, imene inayamba ntchito mu 2024 ndipo imamva madandaulo a makasitomala a mabanki kwaulere.