Mwangomaliza za udokotala wa ziweto ndipo mukufuna kuzama pa chakudya cha agalu ndi amphaka? Yambani chonchi

Anzanga amene mwangotuluka kumene ku Bunda kaya ku UNZA, za zakudya timaziphunzira kwambiri kumbali ya ng'ombe, nkhuku ndi nkhumba, koma ukayamba ntchito pakiliniki m'tauni obwera ake ndi galu wowonda, mphaka woti wasiya kudya, mwini wake n'kukuyang'ana m'maso kuti adokotala ndizimupatsa chani? Funso limeneli lili ndi maphunziro akeake ndithu, ndipo amayambira patebulo pomwe mukupimira galupo.

Musanalembere sukulu ina iliyonse, pitani pa webusaiti ya WSAVA, bungwe la padziko lonse la madokotala a agalu ndi amphaka, mukatenge Global Nutrition Toolkit, ndi yaulere. Bungweli mu 2011 linatulutsa malangizo oti kadyedwe kakhale chinthu chachisanu choyang'ana pa nyama iliyonse, pambali pa kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi ululu. Ndiye galu aliyense akalowa muikeni pasikelo, mupapaseni nthiti ndi msana ndi manja anu, mupatseni nambala ya kuwonda kapena kunenepa kwake kuyambira 1 mpaka 9, wa 4 kapena 5 ndiye ali bwinobwino. Mwini wake musamufunse kuti amadya chani, akuyankhani kuti zonse. Funsani kuti dzulo wadya chani kuyambira m'mawa, apa m'pomwe mumve zoona zake, phala la gaga, makoko a nsima, bonya pang'ono, mafupa a kubutchala. Funsaninso gagayo amasungidwa pati poti chuku chimaononga chiwindi cha galu moopsa.

Masamu amodzi muwaloweze pamtima. Mphamvu zomwe nyama imafuna ikungogona, RER, ndi 70 kuchulukitsa ndi makilogalamu ake mutawakweza pa 0.75 pa kakyuleta ya mufoni. Galu wa makilogalamu 10 zimabwera cha m'ma 394 kcal patsiku, mphaka wa makilogalamu 4 cha m'ma 198. Aliyense wogonekedwa pakiliniki muziwerengera ndi kulemba pakhadi pake zomwe wadyadi, osati zomwe zaikidwa m'mbale.

Ine chimene chinandikokera kuno ndi kagalu ka miyezi inayi ka mtundu waukulu, mwini wake amakakonda kwambiri moti amangokapatsa nyama yokhayokha, kanabwera miyendo itapindika, kukagwira pang'ono kakulira. Pa x-ray mafupa ake amaoneka opyapyala ngati pepala. Nyama ili ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa kwambiri, ndiye thupi limakatapa calcium m'mafupa momwemo. Mankhwala enieni anali kusintha mbale basi ndi kukasunga pamalo amodzi kasadumphedumphe. Nkhani ngati imeneyi muziilemba m'kope, kulemera, zomwe amadya, zomwe mwasintha, zotsatira pakatha masabata angapo, kope limeneli ndi lomwe lidzakulankhulireni pofunsira malo a maphunziro.

Tsopano maphunziro enieniwo. Choyamba ndi internship ya chaka chimodzi yozungulira mbali zonse za chipatala cha agalu ndi amphaka, kenako residency, maphunziro a ukatswiri uku mukugwira ntchito, pansi pa katswiri woti anakhoza kale mayeso a bodi yovomereza akatswiri a zakudya za ziweto. Ku Ulaya bodi yake ndi ECVCN ndipo residency imatenga zaka 3, mayunivesite ngati Ghent ku Belgium ndi Utrecht ku Netherlands amadziwika pa zimenezi. Ku America bodi yake inali ACVN koma mu 2021 inalowa mu bodi yaikulu ya ACVIM, malo ambiri amafunsiridwa kudzera mu VIRMP, ndondomeko yogawa malo a internship ndi residency, mayunivesite a UC Davis ndi Tufts ndi ena mwa ophunzitsa. Kulikonseko mudzafunika kupanga kafukufuku wanu, kumusindikitsa, kenako mayeso. Malo ndi ochepa zedi chifukwa akatswiriwo ndi owerengeka padziko lonse, ndiye musamangodikira malonda, lemberani imelo katswiri yemwe mwawerenga pepala lake, yaifupi, mutchule zomwe mwaona pakiliniki panu.

Nkhani ya laisensi iyambeni msanga chifukwa imadya nthawi ndi ndalama. Ku Britain digiri ikakhala yosazindikiridwa ndi RCVS, bungwe lolembetsa madokotala a ziweto kumeneko, pali mayeso awo, ku America njira yake ndi ECFVG kapena PAVE, zotsimikizira digiri yakunja, kuphatikiza NAVLE, mayeso a laisensi. Sukulu iliyonse ifunseni payokha zomwe imafuna kwa munthu wochokera kunja.

Podikira zonsezi pemphani dokotala wamkulu akuphunzitseni kuika chubu chodyetsera, cha m'mphuno ndi cha pakhosi. Mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya mafuta amadzaza m'chiwindi, samudikirira kuti ayamba yekha kudya ayi. Koma osamupatsa chakudya chonse tsiku loyamba, yambani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a RER yake n'kumaonjezera tsiku ndi tsiku uku mukuyang'ana phosphorus ndi potassium m'magazi poti zimatsika mwadzidzidzi nyama ikayambanso kudya.

Chomwe ine ndimaona chofunika kwambiri kwa ife kuno ndi luso lokonza chakudya chophika pakhomo chokwanira bwino, pogwiritsa ntchito manambala a michere yofunika kwa galu ndi mphaka, a bungwe la NRC la ku America a 2006 kapena a FEDIAF, bungwe la ku Ulaya la opanga zakudya za agalu ndi amphaka. Chakudya cha m'matumba cha galu wodwala impso n'chodula ndipo sichipezekapezeka, ndiye mwini wake amafuna mumuuze mpunga magalamu angati, dzira, mafuta, ndi ufa wa zikamba za mazira wochuluka bwanji, mumulembere papepala apite nalo kukhitchini.