Kulumikiza AI ku databesi ya sitolo, muzingoifunsa

Achemwali anga amagulitsa feteleza ndi mbewu ku Ulongwe wa ku Mozambique, ndipo katundu wawo yense amalembedwa mu databesi ya PostgreSQL. Iwo SQL, chilankhulo chofunsira databesi, saidziwa, nthawi yoti aiphunzire alibenso. Chimene ndinawachitira, kulumikiza AI ku databesiyo kuti azingoifunsa, inunso mutha kuchita.

Mlatho wake ndi MCP, njira imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 kuti mapulogalamu ocheza a AI azitha kufunsa databesi pompopompo.

Yambani ndi kupanga akaunti yatsopano mu databesi, ya chilolezo cha SELECT chokha, ndiye kuti chowerenga basi. Apa musachite ulesi ayi. Akaunti yowerenga singafufute kanthu, ngakhale AI itamva molakwika. Matebulo a ngongole ndi manambala a foni a makasitomala musaipatse n'komwe, chifukwa zimene AI yawerenga zimadutsa pa intaneti.

Kenako ikani seva ya MCP ya PostgreSQL (kapulogalamu kolumikiza AI ndi databesi) pa kompyuta, lembani adilesi ya databesi mu fayilo ya claude_desktop_config.json, tsekani Claude Desktop, pulogalamu yocheza ya AI ya Anthropic, n'kuitsegulanso.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mayina. Ngati ndime ya mu tebulo yalembedwa "qtd", AI ingoganizira. Iuzeni kuti amenewo ndi matumba a makilogalamu 50, ndiponso kuti mitengo ili mu metikali, osati kwacha, poti kuno kumalire ndalama ziwirizi zimayendera limodzi.

Tsopano funsani monga mufunsira mnzanu: "Urea watsala matumba angati?" Masiku oyamba muziiuza ikuonetseni SQL imene yalemba, kenako pitani kosungira katundu mukawerenge matumbawo ndi maso anu.