Kuika pampu ya m'fakitale ndi kulumikiza mapaipi ake

Yambani ndi maziko. Konkire yokhazikapo pampu ilemere katatu kuposa pampu ndi mota pamodzi, ndipo iume bwinobwino musanamange mabawuti. Pansi pakapendekeka, makina amanjenjemera ndipo ma bearing (tizitsulo tothandiza makina kuzungulira mosavuta) amatha msanga.

Mavuto ambiri amachokera ku paipi yokokera madzi. Ikhale yaifupi, yotakata mofanana ndi kukamwa kwa pampu kapena kuposerapo pang'ono. Pakati pa pokhota pomaliza ndi pampu siyani paipi yowongoka, yotalika kasanu mpaka kakhumi poyerekeza ndi kutakata kwake. Pochepetsa paipi gwiritsani ntchito eccentric reducer (cholumikizira mapaipi osiyana kukula, chowongoka mbali imodzi), mbali yowongoka ili pamwamba, kuti mpweya usamaunjikane. Pampu ikamaperewera madzi imalira ngati ikugaya miyala, ndipo impeller (chozungulira m'kati mwa pampu chimene chimakankha madzi) imadyeka.

Kotulukira madzi ikani check valve (valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo) kaye, kenako valavu yotsekera. Mapaipi onse akhale ndi zochirikiza zawozawo, asatsamire pampu. Ma flange (milomo ya mapaipi ndi ya pampu yomangidwa ndi mabawuti) akumane okha popanda kukakamiza. Ambiri amawakoka ndi mabawuti kuti ntchito ithe msanga, koma zimenezi zimapotoza pampu, seal (chotchinga choletsa madzi kutayika m'pampu) n'kuyamba kudontha.

Mukamaliza mapaipi, yezaninso ndi dial gauge (kachipangizo koyezera kusiyana kochepa kwambiri) ngati shafti (chitsulo chozungulira) ya mota ndi ya pampu zalunjikana, potsata malire olembedwa m'buku la pampuyo. Coupling (cholumikizira mashafti awiriwa) isanalumikizidwe, yatsani mota pang'ono muone ngati ikuzungulira motsata muvi wa pa pampu. Kenako dzazani pampu ndi madzi, tulutsani mpweya wonse, tsegulani valavu yokokera mpaka kumapeto. Musailize youma ngakhale kwa kamphindi, chifukwa seal imapsa.