Musanagule mankhwala, tiyambe taona kachilomboko

Alimi anzanga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, dzinja lililonse mumandibweretsera mbozi zophwanyika m'kapepala, n'kumafunsa kuti mupopere mankhwala anji. Mbozi yophwanyika ngakhale katswiri sangaitchule dzina.

Akatswiri a tizilombo amagwiritsa ntchito maikulosikopu ya sitiriyo. Imasiyana ndi ya kuchipatala yoyezera malungo. Pa ya sitiriyoyi diso lililonse limaona mwa njira yake, choncho kachilombo kamaoneka kathunthu, msana ndi miyendo yomwe, ndipo kuwala kumachokera pamwamba. Sakadula ayi. Nthawi zambiri amangokulitsa ka 10 mpaka ka 40. Okonza mafoni ena amawotcherera timawaya pansi pa makina omwewa.

Ntchemberezandonda ya mtundu watsopano, imene inafika mu Africa mu 2016, ambiri mumaisokoneza ndi kapuchi. Pamakinawa kusiyana kwake kuli poyera: pamutu ili ndi chizindikiro ngati Y wozondoka, chakumchira madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi. M'nkhokwe namonso, nankafumbwe wamba ali ndi kamlomo kotalika, pamene wamkulu uja, woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, mutu wake umabisala pansi ndipo kumbuyo kuli ngati anachita kudula ndi mpeni. Kangaude wofiira wa pa tomato ndiye safika ndi milimita imodzi. Mukamupopera mankhwala a mbozi, nthawi zambiri mwangotaya ndalama.

Tsono ntchito yanu nayi. Tolani mbozi m'mamawa, zazikulu ndi zazing'ono, kuchokera mbali zingapo za munda, osati m'mphepete mokha. Ziviikeni kaye pang'ono m'madzi otentha kuti zisade, kenako muziike m'kabotolo ka sipiriti wa ku famasi wa 70 peresenti. Masamba a tomato kapena a mbatatesi akulungeni m'pepala louma. M'jumbo amachita thukuta n'kuvunda. Chimanga chofumbwa bweretsani m'botolo lotseka bwino, ufa wake womwewo.

Lembani mudzi, mbewu ndi tsiku ndi pensulo, pakuti inki imasungunuka mu sipiriti. Apa ndi pamene ambiri mumalakwitsa, botolo n'kufika lopanda mwini. Perekani kwa mlangizi wa dera lanu kapena ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi chuma, ya boma lanu tsiku lomwelo, masamba asanafote.