Momwe mungaphunzirire kulemba mapulogalamu a pakompyuta n'kutsimikiza kuti mwamvetsadi

Ophunzira ambiri amatha maola akuonera mavidiyo, akugwedeza mutu kuvomereza zonse zimene mphunzitsi akulemba, koma akatseka vidiyo n'kuyesa okha, mutu umangoima. Njira zili m'munsizi zikuthandizani kudziwa ngati mwamvetsadi kapena mwangoloweza.

Choyamba, sankhani chiyankhulo chimodzi cholembera mapulogalamu ndipo musachisiye msanga. Python, yomwe Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, ndi yabwino poyambira chifukwa malangizo ake savuta kuwerenga.

Chachiwiri, musanayendetse pulogalamu, lembani papepala zimene mukuyembekeza kuti kompyuta ionetse. Apa m'pamene pagona nkhani. Tinene kuti mwalemba pulogalamu yofunsa munthu manambala awiri kudzera mu input(), lamulo lolandirira zimene munthu walemba, kenako n'kuwaphatikiza, ndipo papepala mwalemba kuti 2 ndi 3 zipereka 5, koma kompyuta ikuonetsa 23. Vuto n'lakuti input() imalandira chilichonse ngati mawu, ndipo chizindikiro cha + chikakhala pakati pa mawu chimangowalumikiza, choncho muyenera kuwasandutsa kaye manambala ndi int(). Mukadapanda kulosera, mukadangosinthasintha mpaka zitatheka, osadziwa chimene chakonza vutolo. Zofanana ndi zimenezi mudzaziona pa range(1, 10), yomwe imapereka manambala motsatizana kuyambira pa 1 koma imathera pa 9, osati 10.

Chachitatu, dzipatseni ntchito yaing'ono yokhala ndi yankho lodziwika, ndipo lembani mayeso ake musanalembe pulogalamuyo. Chitsanzo chabwino ndi pulogalamu yozindikira chaka cha masiku 366. Ambiri amangokumbukira kuti chakacho chiyenera kugawika ndi 4, ndipo akayesa 2023 ndi 2024 zonse zimayenda bwino, basi n'kuyamba kusangalala. Koma lamulo lonse limati chaka chogawika ndi 100 chiyeneranso kugawika ndi 400, n'chifukwa chake 2000 chinali ndi masiku 366 pomwe 1900 chinali ndi 365. Ikani zaka zinayizi m'mizere ya assert, lamulo loyesa ngati yankho lili monga mukuyembekezera, kuti pulogalamu iime nthawi yomweyo ikapereka yankho lolakwika. Mayeso amene amangoyesa zosavuta amanyengeza mwini wake.

Pulogalamu ikaima, musathamangire kufufuza pa intaneti. Werengani uthenga wonse modekha, chifukwa mzere womaliza umatchula mtundu wa vuto, monga TypeError kapena IndexError, ndipo pamwamba pake pamaoneka nambala ya mzere umene walephera.

Chachinayi, pemphani munthu wodziwa kuti awerenge zimene mwalemba. Kompyuta imangokuuzani ngati pulogalamu yayenda, koma munthu amaona kuti mwabwereza malangizo amodzimodzi katatu, kapena kuti mayina amene mwasankha sakumveka. Sungani ntchito yanu ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha, yomwe Linus Torvalds anayambitsa mu 2005, ndipo muiike pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo ntchito zotere, kuti wowerengayo aone mosavuta zimene mwasintha. Mapulogalamu a AI nawo amatha kukulemberani yankho, koma ine ndimalangiza kuti muziwafunsa chifukwa chimene pulogalamu yanu yalepherera, ndipo kukonzako muzichita nokha.

Pakatha masiku atatu kapena anayi, lembaninso pulogalamu ya zaka ija kuyambira pachiyambi osaonera yakale, kwinaku mukufotokoza mokweza ntchito ya mzere uliwonse. Mzere umene mwachita nawo chibwibwi ndi umene muyenera kubwerera kukauphunziranso musanapite ku mutu wina.